Mlandu wa Ochemerera Mpira wa ku America

Usiku wa pa 24 Ogasiti 2019, m'bwalo la Lucas Oil mumzinda wa Indianapolis, anthu amene anabwera kudzaonerera masewero opimana mphamvu pakati pa timu yawo ya Colts ndi Chicago Bears anamva, mpira uli m'kati, kuti Andrew Luck wasiya kusewera. Luck anali quarterback, ndiye kuti woponya mpira amene timu yonse imayendera nzeru zake, ndipo anali ndi zaka 29 zokha. M'zaka zinayi za m'mbuyomo anali atang'ambika impso, atavulala phewa mpaka kukhala chaka chonse cha 2017 osasewera, kenaka n'kupwetekanso mwendo. Pamene ankatuluka m'bwalomo, ena mwa ochemerera anamukuwiza. Munthu anali atanena kuti watopa ndi ululu, ndipo yankho la anthu amene ankavala malaya olembedwa dzina lake linali mkuwo.

Sikuti bwalo lonse linakuwa, ndipo panali ambiri amene anadzudzula mchitidwewo. Komabe mkuwo umenewo sunabadwe usiku womwewo. Unaleredwa ndi kalankhulidwe kamene kamadzaza miyezi ya Julayi ndi Ogasiti chaka ndi chaka, pa wailesi, pa kanema, m'malo omwera ndi paliponse pamene otsatira ligi ya NFL akumana: uyu wanenepa, uyu bondo lake silikhalitsa, uyu ndi wadyera, uyu amudule basi timu ipume. Kalankhulidwe kameneka ndi kamene ndikukazenga mlandu. Ndikunena kuti wochemerera, munthu amene nayenso amadya za thukuta lake ndipo amadziwa kuwawa kwa kalata yochotsa ntchito, wasandutsidwa kapitawo wa mwini timu, kapitawo wosalandira kanthu, amene amalipira yekha pakhomo kuti akakalipire antchito.

Kwa owerenga amene masewerowa ndi achilendo kwa iwo, tiyambe ndi kalendala. NFL ili ndi matimu 32. Chakumapeto kwa Julayi, kutentha kwa chilimwe cha ku America kutafika pachimake, timu iliyonse imalowa m'bindikiro ndi osewera okwana 90. Pofika kumapeto kwa Ogasiti iyenera kutsala ndi 53. Amuna 37 pa timu, kuchulukitsa ndi 32, ndi anthu 1,184 amene amauzidwa m'masiku owerengeka kuti malo awo palibe. Ena amaitanidwanso kukalowa m'kagulu ka anthu 16 kongothandiza pa zokonzekera, komwe malipiro ake ndi otsika kwambiri, otsalawo amalongedza. Kuyambira mu 2001 kanema wa HBO wakhala akuonetsa pulogalamu ya Hard Knocks, momwe makamera amamutsatira mnyamata kuchokera pabwalo mpaka mu ofesi imene akumuuza kuti abweze zipangizo za timu. Kuchotsedwa ntchito kwa mwana wa munthu kunasanduka chosangalatsa cha madzulo, choonera mukudya.

Tsono gwero la zonsezi ndi kontrakiti. Munthu akamva kuti wosewera wasaina ya zaka zisanu, tiyerekeze ya $100 miliyoni, amaganiza kuti ndalamazo ndi zake. Ndi chikomekome cha mkuyu. Mu ligi ya basketball ya NBA ndi ya baseball ya MLB, m'dziko lomwelo la America, kontrakiti ya wosewera wokhazikika kawirikawiri imalipidwa yonse, kaya wavulala kaya luso lamuthawa. Mu mpira wamiyendo wa ku Europe, kalabu yofuna kusiyana ndi wosewera nthawi isanakwane iyenera kukhala naye pansi ndi kugwirizana zomulipira. Mu NFL, ngongole ya timu ndi mbali yokhayo imene inalembedwa kuti ndi yotsimikizika. Zotsalazo ndi manambala a m'nyuzipepala. Timu ikaona kuti munthu wakalamba, kapena yapeza wina wotsika mtengo, imamuchotsa ndipo zaka zotsalazo zimafafanizika. Motero kontrakiti ya zaka zisanu nthawi zambiri imakhala ya zaka ziwiri kapena zitatu, zinazo n'kukhala za timu kusankha. Masewero amene amaphwanya thupi kuposa onse atatuwa ndi omwenso amateteza malipiro pang'ono kuposa onse.

Ndi podabwitsa tsono kumva mawu amene ochemerera amathamangira wosewera akakana kubwera m'bindikiro pofuna kontrakiti yatsopano: anasaina yekha, akwaniritse zimene analonjeza. Mawuwa amamveka ngati a munthu wolemekeza pangano. Koma mwezi wa Malichi uliwonse, matimu akamachotsa osewera amene atsala ndi zaka ziwiri papepala, ochemerera omwewo amayamikira mkulu wa timu kuti ndi wochenjera, wapulumutsa ndalama. Palibe amene amakumbutsa mwini timu kuti nayenso anasaina yekha. Pangano limene mbali imodzi ingalithetse m'mawa uliwonse popanda mlandu, pamene inayo ikangodandaula ilipitsidwa chindapusa, silingayesedwe ndi muyeso wa ulemu wa mawu. Ndipo chindapusacho si chamasewera. Malinga ndi mgwirizano wa mu 2020 wa pakati pa eni matimu ndi bungwe la osewera la NFLPA, wosewera wamkulu amene sanafike m'bindikiro amalipira $50,000 pa tsiku, ndipo timu siloledwa kumukhululukira monga zinkachitikira kale akagwirizana. Nchifukwa chake masiku ano osakhutira amafika ndithu, n'kuima m'mbali mwa bwalo osachita nawo zokonzekera. Ochemerera amati ndi chinyengo. Ine ndikuona munthu amene watsekeredwa zitseko zonse, watsala ndi zenera.

Nkhani ya Earl Thomas ikusonyeza chimene wosewera amaopa. Mu 2018 Thomas, mmodzi mwa otchinga kumbuyo odziwika kwambiri a Seattle Seahawks, anali m'chaka chomaliza cha kontrakiti yake. Anapempha kuti amuwonjezere zaka kapena amugulitse. Timu inakana zonse ziwiri. Anakhala kunyumba nthawi yonse ya m'bindikiro, akutukwanidwa kuti ndi wodzikonda, kenaka anabwerera ligi itatsala pang'ono kuyamba. Pa 30 Seputembala, m'masewero achinayi okha, ku Arizona, anathyoka mwendo. Akumutulutsa pa ngolo anatukula chala chapakati kuloza ku benchi ya timu yake, ndipo sabata yonseyo anthu anakambirana za chalacho, za ulemu, za chitsanzo choipa kwa ana. Za mwendowo anakamba ochepa. Ndi zoona kuti chaka chotsatira Baltimore inamulemba pa kontrakiti yaikulu. Mwayi umenewo sufafaniza mfundo yake: chimene ananena kuti chingachitike chinachitika pasanathe mwezi, ndipo chiopsezo chonse anachisenza yekha.

Otsutsa adzatulutsa dzina la Le'Veon Bell, ndipo ndi bwino kuliyang'ana bwinobwino pakuti ndilo chikwapu chimene amaopsezera nacho aliyense wofuna kunyanyala. Bell anali wothamanga ndi mpira wa Pittsburgh Steelers. Mu 2017 anagwira mpira ka 406, ndipo pafupifupi nthawi iliyonse mapeto ake anali kugwetsedwa ndi amuna olemera makilogalamu oposa 100. Kontrakiti yake inali itatha, koma pali lamulo lotchedwa franchise tag limene limalola timu kumugwira wosewera mmodzi kwa chaka china, pa malipiro oikidwiratu, iye afune asafune. Steelers inamugwira mu 2017, n'kumugwiranso mu 2018 pa $14.5 miliyoni. Bell anakana kusaina, nakhala chaka chonse osasewera. Mu 2019 analowa New York Jets pa kontrakiti ya $52.5 miliyoni, sanachite bwino, ndipo anachotsedwa mu Okutobala 2020. Ochemerera amati: mwaona, dyera linamupweteka. Mwina anawerengera molakwa. Koma funsani chimene chinamufikitsa pamenepo. Kuyambira mu 2011 malipiro a osewera atsopano anaikidwa pa sikelo: Sam Bradford, woyamba kusankhidwa mu 2010, anatsimikiziridwa $50 miliyoni, pamene Cam Newton, woyamba kusankhidwa chaka chotsatira, analandira $22 miliyoni pa zaka zinayi. Mnyamata wochokera ku yunivesite sasankha timu, timu ndiyo imamusankha. Amamangidwa zaka zinayi, zisanu ngati anasankhidwa m'gawo loyamba, kenaka franchise tag ikhoza kumugwiranso kawiri. Kwa wothamanga ndi mpira, zaka zimenezo ndizo nyonga zake zonse. Pamene akufika pa msika ali mfulu, ogula amayang'ana mabondo ake n'kunena kuti katunduyu wagwira kale ntchito. Dongosolo linakonzedwa kuti litenge zaka zake zabwino pa mtengo wotsika, ndiye tikudabwa kuti wina anayesa kusunga thupi lake kwa chaka chimodzi?

Chimene chinasandutsa wochemerera kukhala kapitawo, m'kuona kwanga, ndi malire a malipiro amene ligi inakhazikitsa mu 1994. Timu iliyonse siloledwa kupyola mlingo umodzi wa ndalama zolipira osewera: chaka choyambacho unali $34.6 miliyoni, mu 2024 unali $255.4 miliyoni, mu 2025 unafika $279.2 miliyoni. Ubwino wake ulipo, pakuti timu ya m'tauni yaing'ono imatha kupikisana ndi ya ku New York. Koma taonani chimene malirewa amachita m'mutu mwa woonerera. Dola iliyonse imene wosewera wapempha imaoneka ngati walanda mnzake wa m'timu, osati mwini timu. Wochemerera amatenga pensulo, n'kuyamba kuwerengera kuti tikamudula uyu tipeza otchinga awiri. Mwini timu wachoka pa chithunzi. Atsala ndi antchito okanganirana mbale imodzi. Chikhalirecho mphika uli kuseri. Green Bay Packers, timu yokhayo imene imatulutsa mabuku ake poyera chifukwa eni ake ndi anthu wamba ogula masheya, inalengeza mu 2025 kuti gawo la timu iliyonse pa ndalama zogawana za ligi m'chaka chapitacho linali $432.6 miliyoni. Ndiye kuti timu isanagulitse tikiti ngakhale imodzi, malipiro a osewera onse amakhala atakwanira kale. Dan Snyder anagula timu ya ku Washington mu 1999 pa $800 miliyoni, naiyendetsa zaka 24 popanda chikho, n'kuigulitsa mu 2023 pa $6.05 biliyoni. Mawu oti wadyera, amene amatuluka msanga pakamwa wosewera akapempha chaka china chotsimikizika, samveka pa phindu lotere.

Tsopano tilowe m'bindikiromo. Pa 30 Julayi 2001, ku Mankato m'chigawo cha Minnesota, Korey Stringer wa timu ya Vikings, mwamuna wa zaka 27 wolemera makilogalamu pafupifupi 150, analephera kumaliza zokonzekera chifukwa cha kutentha ndi kusanza. M'mawa mwake anabwerera, atavala chisoti ndi zodzitetezera zonse, namaliza. Atangomaliza anagwa. Pofika kuchipatala thupi lake linali litatentha kupyola madigiri 42, ndipo anamwalira m'bandakucha wa pa 1 Ogasiti. Stringer sanali wofunafuna malo. Anali atasankhidwa kale m'gulu la osewera opambana a ligi chaka cha m'mbuyo mwake. Chimene chinamubweza pabwalo tsiku lachiwirilo ndi mwambo wakuti mwamuna weniweni sapempha mthunzi. Mkazi wake anakasuma, ndipo pa mapeto a milanduyo panabadwa Korey Stringer Institute ku University of Connecticut mu 2010, yofufuza za imfa zodza ndi kutentha m'masewero. Panapita zaka khumi chimwalirireni Stringer kuti ligi, mu mgwirizano wa 2011, iletse zokonzekera zogundana kawiri pa tsiku.

Ndipo kuyambira pamenepo, Ogasiti aliyense, pamamveka dandaulo lakuti m'bindikiro munafewa, kuti anyamata a lero ndi a nazale, kuti akale ankasewera atathyoka. Ligi italamula mu 2022 kuti osewera ena azivala zophimba zofewa pamwamba pa zisoti pa zokonzekera, anthu anaseka maonekedwe ake. Makochi akapumitsa akatswiri awo pa masewero opimana mphamvu, ogula matikiti amadandaula kuti aberedwa. Dandaulo lomalizali lili ndi mbali yake yoona, pakuti matimu amakakamiza wogula tikiti ya chaka chonse kugulanso masewero amenewa. Koma wobera ndi wogulitsa tikitiyo, osati bondo limene lapumitsidwa. Masewero opanda mapointiwa ali ndi manda ake. Pa 12 Ogasiti 1978, ku Oakland, Darryl Stingley wa New England Patriots analumpha kuti awakhe mpira, Jack Tatum namuwomba. Oyimbira sanapeze cholakwa, malinga ndi malamulo a nthawiyo. Stingley anathyoka khosi ali ndi zaka 26, nakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2007. Kontrakiti yatsopano imene anali atagwirizana ndi timu inali isanasainidwe. Pa 30 Ogasiti 2016, Teddy Bridgewater wa Vikings, wa zaka 23, anagumuka bondo pa zokonzekera popanda womukhudza. Pasanathe sabata timu inali itagula kale Sam Bradford kuchokera ku Philadelphia, ndipo chaka chotsatira inakana kutenga chaka chachisanu cha kontrakiti ya Bridgewater. Timu inachita zimene malamulo amailola. Chimene chikundivuta ndi changu chimene otsatira anasinthira nkhani kuchoka pa mwendo wa mnyamatayo kupita pa mtengo wa womulowa m'malo.

Changu chimenechi chili ndi chilankhulo chake, ndipo ophunzira za zilankhulo angapeze mmenemo chochita. M'nkhani za m'bindikiro, dzina la munthu limatsatana ndi chiwalo ndi nambala ya masabata: wakuti, bondo, masabata asanu ndi limodzi; wakuti, mutu, tiona Lachitatu. Mneni wosonyeza kumva kuwawa mulibe. Wovulala kawirikawiri amapatsidwa dzina la mbiya yosachedwa kusweka, ngati kuti kuduka mtsempha ndi khalidwe loipa. Mwambi wa makochi wakuti wina akagwa wotsatira alowe, umene unayamba ngati chilimbikitso kwa otsala, m'kamwa mwa ochemerera unasanduka tsache. Zinthu ziwiri zakulitsa matendawa. Choyamba ndi masewero a fantasy, momwe munthu amadzipangira timu ya papepala ndi mayina a osewera enieni n'kumapikisana ndi anzake. Amasankha osewerawo mu Ogasiti momwemo, nthawi ya m'bindikiro, ndipo amanena za iwo ndi mneni wa umwini, kuti uyu ndi wanga, uyu ndamugulitsa. Chachiwiri ndi juga. Khoti lalikulu la America litachotsa chiletso mu 2018, ligi imene kwa zaka zambiri inkadziyeretsa pa nkhani ya kubetcha inasaina mapangano mu 2021 ndi makampani a DraftKings, FanDuel ndi Caesars. Kwa wobetcha, mtsempha wa munthu wina ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ukaduka, mkwiyo wake ndi weniweni, koma si chisoni.

Mayina onse amene ndatchulawa ndi a anthu otchuka, ndipo pamenepo pali msampha, chifukwa mkangano umangozungulira mamiliyoni. Ambiri mwa anthu 90 aja sadzatchuka. Malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano mu 2025 anali $840,000 pa chaka, ndalama zochititsa chizungulire kwa mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Chipata, ngakhalenso wa ku Ohio. Koma amazilandira yekhayo amene wapulumuka chikwanje cha kumapeto kwa Ogasiti, ndipo amazilandira sabata ndi sabata malinga akadali pa mndandanda. M'bindikiro amangopatsidwa kangachepe ka pa sabata. Makontrakiti ambiri a osewera apansi ali ndi ndime yakuti akavulala malipiro atsika. Ndime yotere inali mu kontrakiti ya Damar Hamlin pamene mtima wake unaima pabwalo ku Cincinnati pa 2 Januwale 2023, ndipo panafunika kugwirizana kwapadera kuti alandire zonse, dziko lonse likuyang'ana. Wosadziwika akavulala mu Ogasiti, timu imamupatsa ndalama ya masabata amene akuganiza kuti achira, n'kusiyana naye. Kuti munthu ayenere penshoni ayenera kukwanitsa nyengo zitatu, ndipo bungwe la osewera lakhala likunena kuti utali wa ntchito ya wosewera wamba umangopitirira pang'ono zaka zitatu. Wokwanitsayo amalandira inshuwalansi ya chipatala kwa zaka zisanu atasiya. Mabondo ndi msana zimayamba kulipiritsa ngongole yake zaka zisanuzo zitatha, m'dziko limene kudwala popanda inshuwalansi kumagwetsa nyumba.

Kwa amene amasirira akale osewera atathyoka, yankho ndi Mike Webster. Anasewera nyengo 17, natenga zikho zinayi za Super Bowl ndi Steelers, ndipo ankatchuka poyenda manja ali pamtunda m'chisanu. Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50, atasokonezeka maganizo, nthawi zina akugona m'galimoto. Dokotala amene anapima mtembo wake ku Pittsburgh anali Bennet Omalu, mbadwa ya ku Nigeria, munthu amene sanakule akupembedza masewerowa. Anapima ubongo umene kunja kwake unkaoneka wabwinobwino, napezamo matenda otchedwa CTE, odza ndi kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza. Atasindikiza zimene anapeza mu 2005, madokotala a komiti ya ligi anapempha kuti nkhaniyo ichotsedwe. Mmodzi wa akuluakulu a ligi anadzavomereza poyera mgwirizano wa mpirawu ndi CTE mu 2016. Chaka chotsatira ofufuza a ku Boston University anapeza matendawa mu maubongo 110 mwa 111 a osewera akale a NFL. Maubongowo anaperekedwa ndi mabanja amene ankakayikira kale, choncho nambalayi sikutiuza kuti mwa osewera onse odwala ndi angati. Ikutiuza kuti mabanjawo sankalota. Chonyansa koposa chinadza pa chipukuta misozi. Ligi itagwirizana ndi osewera akale mu 2013 kuti iwalipira, poyeza ngati nzeru za wodandaula zatsika ankagwiritsa ntchito sikelo imene inkayamba ndi ganizo lakuti munthu wakuda amakhala kale ndi nzeru zocheperapo, motero kunali kovuta kuti asonyeze kuti wataya kanthu. Kevin Henry ndi Najeh Davenport anakasuma mu 2020, ndipo ligi inavomera kusiya sikeloyo mu 2021. Izi zinachitika mu ligi imene oposa theka la osewera ake ndi akuda, pamene mwini wamkulu wa timu wakuda sanakhalepo chiyambire.

Pano mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno. Mu 2017 ligi inatsegula njira yotengera anyamata a m'mayiko ena, International Player Pathway, ndipo mu Juni 2022 inachititsa msasa wake woyamba wosaka luso mu Africa, ku Accra m'dziko la Ghana, motsogozedwa ndi Osi Umenyiora, wosewera wakale wa New York Giants wa makolo a ku Nigeria. Misasa ina inatsatira ku Kenya ndi ku Nigeria. Sindikunena kuti khomo limeneli litsekedwe. Mnyamata wamtali ndi wamphamvu wa ku Lagos ali ndi ufulu woyesa mwayi wake monga wa ku Texas. Koma amene akuyezedwa msinkhu ndi liwiro m'misasayi akulowa pansi penipeni pa makwerero amene ndafotokozawa, pamene palibe chotsimikizika, ndipo wovulala adzabwerera kwawo kumene dokotala wa ubongo ndi wosowa. Chigawo chathu chino chili ndi mbiri yaitali ya amuna opimidwa chifuwa, kutengedwa, n'kubwezedwa chifuwacho chitatha. Malipiro ndi osiyana kutalitali, ndipo kufanizira mopyola kungakhale kunyoza amene anafera m'migodi. Funso lokha ndilo silinasinthe: thupi likadzayamba kudwala patapita zaka 20, adzalipire ndani?

Patsala chitsutso chimodzi cholemera, ndipo sindichizemba. Malamulo onsewa, sikelo ya atsopano, franchise tag, chindapusa cha $50,000, osewera anawavomereza okha kudzera m'bungwe lawo. Ndi zoona. Koma taonani mmene anavomerezera. Mgwirizano wa 2020, umene unawonjezera masewero a ligi kuchoka pa 16 kufika pa 17, unadutsa ndi mavoti 1,019 kwa 959. Akatswiri ambiri anaukana. Apansi, amene analonjezedwa kukwera kwa malipiro otsikitsitsa, anali ndi chifukwa choulandira. Munthu amene ntchito yake ndi ya zaka zitatu sangapirire sitiraka ya chaka, pamene banja la mwini timu likhoza kudikira m'badwo. Osewera anayesapo mu 1987. Eni matimu analemba ena olowa m'malo, makanema anaonetsa masewerowo, ndipo sitirakayo inagwa patatha masiku 24. Mu 2011 ndi eni matimu amene anatseka zipata kuyambira Malichi mpaka Julayi. Komanso bungwelo silili loyera. Cleveland itapatsa Deshaun Watson $230 miliyoni yotsimikizika yonse mu 2022 (kontrakiti yonunkha pa zifukwa zina, poganizira madandaulo a amayi oposa 20 amene anali pamutu pake), bungwe linadandaula kuti matimu agwirizana mseri kuti zotere zisachitikenso. Mu Januwale 2025 woweruza mkanganowo, Christopher Droney, anagamula kuti umboni wakuti matimu anapanganadi sunakwane, koma anapeza kuti akuluakulu a ligi analimbikitsa matimu pa msonkhano wa mu Malichi 2022 kuti achepetse ndalama zotsimikizika. Chigamulo chotere chinali chida m'manja mwa osewera. Atsogoleri a bungwe anagwirizana ndi ligi kuchibisa, mpaka mtolankhani Pablo Torre anachiulula mu Juni, ndipo mkulu wa bungwelo, Lloyd Howell, anatula pansi udindo mu Julayi, masiku ochepa matimu asanalowe m'bindikiro. Wosewera amene abwana ake amanong'onezana, atsogoleri ake akubisa mapepala, akatembenukira ku mipando ya oonerera amapeza anthu akuwerengera mtengo wa bondo lake.

Mgwirizano wa 2020 udzatha ndi nyengo ya 2030, koma Roger Goodell, mkulu wa ligi, ananena kale poyera mu 2024 kuti angakonde masewero a ligi 18 ndi opimana mphamvu awiri. Akuti kuchotsa amodzi opanda mapointi n'kuika amodzi a mapointi ndi kusinthanitsa chabe. Si kusinthanitsa, pakuti mu Ogasiti akatswiri amakhala pa benchi, pamene mu Januwale amasewera mpaka mapeto ndi matupi amene agundidwa miyezi inayi. Nyambo imene anaponyera ochemerera ndi yakuti Super Bowl idzagwera pa Lamulungu lotsatana ndi holide ya Presidents' Day, kuti oonerera asadzadzukire ku ntchito Lolemba.